Faiba ya M'munda wa Eni

Ku Chitipa ndinapitako chifukwa ndinachedwa kuwerama. Bungwe lathu logula mbewu kwa alimi linali litatsegula nthambi kumeneko, ndipo pamsonkhano atafunsa kuti mwa ife a makompyuta ndani angakakhaleko, anzanga onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Ine mutu unali udakali m'mwamba. Posakhalitsa ndinali m'basi ndi bulangete ndi bokosi la zida, aliyense wokhala nane mpando akundiuza kuti kumene ndikupitako kuli mphepo. Sananame. Mphepo ya kwathu ku Phalombe imawomba n'kupita, koma ya ku Chitipa imabwera ndi katundu wake kudzakhala, ndipo fumbi lake umalipeza ngakhale m'shuga.

Nthambi yathu inali kunja kwa boma pang'ono, nyumba ziwiri. Ofesi inali m'mbali mwa msewu. Shedi yolandirira chimanga, nyemba ndi mpendadzuwa inali cha kumtunda, poti munthu akamakuitana ali kushediko umangoona pakamwa pakugwedera, mawu atapita ndi mphepo. Zonse za alimi athu, nkhope zawo, mbewu zimene ankabweretsa chaka ndi chaka, ndi zonse zimene makamera a kushedi ankaona, zinkasungidwa m'makina aatali ngati firiji ya m'golosale. Ena anali muofesi, anzake kushedi. Ndinkawatcha mapasa, chifukwa chimene awa alemba, awonso ankayenera kulemba nthawi yomweyo, kuti nyumba imodzi ikapsa inzake itsale ndi zonse.

Vuto linali loti mapasawo ankalankhulana kudzera pa timbale tiwiri tapadenga, kena kuyang'ana kanzake. Mphepo ikatembenuza kamodzi pang'ono chabe, ubale unkatha. Akalaliki a pasikelo ankapinda manja, alimi n'kukhala pamatumba awo padzuwa, ena atachokera ku Kaseye panjinga osadya kanthu, ine n'kukwera padenga ndi sipanala anthu onsewo akundionerera. Munthu ukakhala padenga anthu anjala ali pansi, umaphunzira msanga mawu a zilankhulo za kumeneko, koma osati a moni.

Kenako akulikulu anavomera kuti tiike faiba. Kwa amene simunaigwirepo, faiba ndi nthambo yakuda yonenepa ngati chala, koma m'kati mwake mulibe waya. Muli timagalasi topyapyala ngati tsitsi, ndipo chimene chimayendamo ndi kuwala basi. Khalidwe lake ndi la mwana womaliza. Simafuna kupindidwa kwambiri, simafuna kukokedwa mwaukali, kafumbi kakagwera kumutu kwake imanyanyala tsiku lonse. Koma ukaigoneka bwino pansi, m'paipi, pamchenga, imagwira ntchito zaka ndi zaka osadandaula, mphepo n'kumangodutsa pamwamba.

Inafika pa lole itakulungidwa pa chigudumu chachikulu cha matabwa. Ndinayenda ndi tepi pakati pa nyumba ziwirizo mpaka agalu a m'deralo anasiya kundiuwa, kenako ndinajambula mapu n'kupita nawo kwa abwana. Abwana athu anali mayi wa ku Zomba, wamfupi, wosakonda mawu ambiri, amene munthu ukamawafotokozera chinthu ankayang'ana pamwamba pa magalasi awo mpaka iwe mwini n'kuyamba kudzikayikira.

"Nthambo ziwiri ndamva," anatero. "Koma ngalande ziwiri n'zachiyani? Bwanji osangozigoneka limodzi ngati anthu ogwirizana?"

"Piki imene idule yoyamba idulanso yachiwiri, madamu. Nthambo ziwiri m'ngalande imodzi ndi nthambo imodzi."

Mawu amenewo ndinawamva kwa mphunzitsi wanga kalekale, koma ndinawanena ngati ndawapeka pomwepo. Ndinawafotokozera kuti njira yoyamba idzera m'mbali mwa msewu, kumene aliyense wokhala ndi piki amadzaona kuti ndi pabwino kukumbapo. Yachiwiri iyenera kudzera kwina kotheratu, ilowe m'nyumba pakhoma lina, ifikire m'bokosi lina, kuti tsoka likagwera imodzi lisaipeze inzake pafupi. Pa mfundo imeneyi sindinalakwe, ndipo ngakhale lero mutandidzutsa ndinganene zomwezo.

"Ndiye yachiwiriyo idzera pati?"

"Kuseri, madamu. M'munda muja."

"Munda wa ndani?"

"Wa amayi aja amagulitsa nthochi pageti."

"Kawapempheni bwinobwino," anatero, n'kubwerera ku mapepala awo.

Madamu ndi ine tonse tinali a kummwera, ndipo palibe mwa ife amene anaona kuti funso lija linali lisanayankhidwe.

Kwathu munda ndi wa mkazi. Bambo anga analima munda wa amayi kuyambira ali mnyamata mpaka msana unapindika, koma munthu akabwera kudzapempha ngakhale nsungwi imodzi ya m'malire, bambo ankangoloza kukhitchini ndi chibwano. Mwamuna amauzidwa pambuyo, mwaulemu, zinthu zitatha kale. Ine ndinakula ndikudziwa kuti dziko lonse lapansi limayenda choncho. Za malowolo ndinkazimva ndithu. Kusukulu tinkawaseka anzathu a kumpoto kuti amatenga akazi ndi ng'ombe, iwo n'kumatiseka kuti ife amuna a kummwera timakwatiwa. Koma sindinaganizepo kuti nthabwala zimenezo zimalowa mpaka m'nthaka.

Amayiwo ndinawapeza akusosa m'munda mwawo, chitenje atamanga kumutu mpaka pamphuno chifukwa cha fumbi. Anali mayi wamasiye wa ana atatu. Kwawo kunali ku Wenya, kuno anabwera ndi ukwati, ndipo mwamuna wawo anali atamwalira zaka zingapo zapitazo. Munda unkayambira kuseri kwa ofesi yathu, pamchenga, n'kutsetsereka kudutsa pachulu china chachikulu mpaka kumtsinje kumene dothi linali lakuda. Chimene banjalo linkadya chinkachokera mmenemo. Nthochi za pageti zinali za sopo ndi mchere.

"Monire amama," ndinatero, poti moni wa Chitumbuka ndi wokhawo umene ndinali nditaugwira.

"Yewo adada. Mwabwera na tepi, mukufuna kupima ine?"

Ndinavula chipewa n'kufotokoza zonse. Ndinati ngalande idzera m'mphepete mwa kumtunda, ikhala yakuya mpaka m'chiuno, ndipo tikwirira mvula isanabwere.

"Chingwe chanucho chizidya vichi pansipo?"

"Sichidya kanthu, amama."

"Chimanga changa chizimera?"

"Chizimera pamwamba pake penipeni."

Anayang'ana kumene ndinkaloza. Kenako anati, "Alamu wane mwawaona? Akulu awo a malemu. Ali na shopu kuboma."

"Tiwauza nawonso," ndinatero. "Koma ife tayamba ndi eni munda."

Anaimika khasu n'kuseka mpaka chitenje chinatsika pamphuno. "Eni munda! Adada imwe. Chibwerere kuno kuchokera ku Wenya, palije munthu ananditchulapo choncho." Ine ndinakumva ngati kuseka kwa munthu wokondwa, ndipo kunalidi kwa munthu wokondwa. Anapukuta m'maso ndi kunsi kwa dzanja. "Kumbani," anatero. "Kweni dothi lapamwamba mulibwezere pamwamba. Musandisiyire katondo."

Alamu aja ndinawaika m'gulu la zinthu zochita ndikapeza mpata, limodzi ndi kukameta ndi kukonza loko wa kuchimbudzi.

Ntchito inayenda bwino moti ndikanayenera kuchita mantha. Tinalemba amuna a m'deralo, ndipo anakumba ngalande yowongoka ngati aikoka ndi chingwe. Pansi tinayala mchenga, pamchengapo paipi, pamwamba pake kansalu ka pulasitiki kachikasu kochenjeza aliyense wodzakumba mtsogolo. Pokhota sitinkakhota ngati njinga, tinkazungulira patalipatali ngati lole, ndipo pamenepo tinkamanga dzenje la simenti lokhala ndi chivundikiro. Tsiku lokoka nthambo ndinathamanga uku ndi uku ndikukuwa kuti "Pang'onopang'ono!" mpaka mawu anasasa. Amayi aja ankabwera tsiku lililonse kudzaima pamphepete, manja kumbuyo, kuona ngati dothi lawo lakuda likuikidwa padera. Amene wasakaniza ndi lofiira ankamva zake. Ankayenda m'munda mwawomo ngati kapitawo, ndipo kunena zoona ankatiposa tonse.

Wolumikiza timagalasi anachokera ku Mzuzu ndi kamakina kake. Anadzitsekera m'galimoto, mawindo onse otseka chifukwa cha fumbi, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kutuluka madzulo atanyowa ngati wabatizidwa kumene. Titalumikiza kumapasa, timagetsi tonse tinayaka mobiriwira. Ndinaitana madamu, n'kuzula nthambo yoyamba iwo akuona.

"Ndiye chachitika n'chiyani?" anafunsa.

"Palibe, madamu."

"Mwandiitanira zimenezo?"

Ndinawaitaniradi zimenezo. Pantchito yathu chisangalalo chachikulu ndi pamene wazula chinthu koma osachitika kanthu. Kushedi akalaliki anapitiriza kulemba osadziwa n'komwe. Madamu anagwedeza mutu, ndipo pokhala munthu wodziwa kuthokoza, analamula kuti amayi a munda aja apatsidwe thumba la fetereza. Thumbalo linapita panjinga, masana, kudutsa pageti pamene panali alimi ambirimbiri pamzere. Tikanalemba ganyu munthu woimba ng'oma sakanafalitsa nkhaniyo kuposa mmene linaifalitsira thumbalo.

Alamu aja sanandidikire kuti ndipeze mpata. Anafika pa njinga yamoto m'mawa wina, bambo wamtali wovala jekete lachikopa, wamalonda wozolowera kuwoloka malire. Anapereka moni kwa aliyense, kuyambira kwa alonda mpaka kwa madamu, anafunsa za kunyumba, analandira tiyi n'kumwa mpaka kutha. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kunditchula afundi, mmene amatchulira amisiri kutsidya kwa malire.

"Afundi, ndamva kuti mwagula munda wa mng'ono wanga. Ndabwera kudzafunsa amene anakugulitsani, mwina ndimamudziwa."

"Sitinagule, bambo. Tinangopempha njira."

"Munapempha kwa ndani?"

"Kwa amayi."

"Sawa, chabwino," anatero. "Ndipo amayiwo mundawo anabwera nawo kuchokera ku Wenya? Anausenza pamutu?"

Madamu anavula magalasi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Bamboyo sanakweze mawu. Anati mundawo ndi wa bambo awo, ndipo asanakhale wa bambo awo unali wa agogo awo. Mng'ono wawo atamwalira, banja linawasiyira amayiwo kuti azilima adyetse ana. Kulima, osati kulowetsamo alendo ndi mapaipi awo. Anathokoza chifukwa cha tiyi, natiitana kuti Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tikapezeke kunyumba kwa amayiwo.

Atapita ndinathamangira kushedi kwa kalaliki wamkulu wa pasikelo, mbadwa ya komweko, amene ankatipatsa moni tsiku lililonse tili m'ngalande. Ndinamufunsa chifukwa chake sanatiuze.

"Ine ndimayesa munaonana kale na banja," anatero. "Ndani angakumbe m'munda wa eni osaonana na amuna a pamudzi? Ndinaona ngati kukufunsani kukhala kukunyozani."

Akuti safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, mwaulemu, chipewa chili m'manja, koma phula ndinadyabe.

Lamulungu tinapita, madamu, kalaliki uja ndi ine. Amuna a m'banjamo anakhala pamipando pansi pa mtengo wa mango, ife anatipatsa benchi, akazi anakhala pamphasa cha kumbuyo. Amayi aja anali kumapeto kwenikweni kwa mphasayo, mwana wamng'ono ali pamiyendo. Nkhani inkayenda m'chilankhulo chawo, kalaliki akundinong'oneza m'khutu. Ndikanakonda kunena kuti alamuwo anali munthu woipa, nkhaniyi ikanaphweka. Koma zimene ananena zinali ndi mutu. Anati lero ndi nthambo ndi thumba la fetereza. Mawa bungwe lidzati shedi yachepa, ndipo poti nthambo yathu ili kale apa, mpanda ufike apa. Abwana awa adzakhala atasamutsidwa, afundi awa atabwerera kwawo. Anyamata a malemu akadzakula n'kupeza waya wamingaminga pamunda wa bambo awo, adzafunsa ndani? Adzafunsa iwowo, bambo awo aakulu.

Chigamulo chinali chachifupi. Kuyambira mvula ikubwerayo, munda wonse azilima ndi alamuwo, kusungira anyamata mpaka adzakule. Amayi azilandira chimanga kuchokera kunkhokwe ya alamu. Ngati zimenezi sizinawakomere, njira ya ku Wenya ndi yotsegula, koma ana ndi a pamudzi pano.

Amayiwo sanafunsidwe kanthu. Ankangochotsa tizitsotso m'mutu mwa mwana.

Ndinaimirira osapatsidwa mpata. Ndinati kulakwa ndi kwathu, amayiwa anatiuza za alamu awo tsiku loyamba lomwe. Ndinati ngati vuto ndi nthambo, tiizula mawa lomwe. Madamu anandiponda phazi, koma sipanafunike, chifukwa alamuwo anakweza dzanja.

"Nthambo ikhale, afundi. Ife sitikulimbana na nthambo. Pole, musadandaule, khalani pansi."

Madamu anapepesa m'malo mwa bungwe, mawu osankhidwa bwino, ndipo akuluakulu anawalandira ndi m'manja. Pepani sapoletsa chilonda, koma amatsekera msonkhano bwinobwino. Tinadya nawo nthochi zophika n'kubwerera.

Zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chiyambire ntchito. Ine ndinakulira m'nyumba ya mayi wokhala ndi nkhokwe yakeyake, ndiye ndimadziwa kusiyana kwa chimanga chimene watapa wekha ndi chimene wapatsidwa. Chopatsidwa chimabwera ndi mbale yoyezera, ndipo wochilandira amayenera kukumbukira kumwetulira. Ndinasiya kudzera njira ya kuseri popita kushedi, ndinkazungulira kumsewu. Pageti ndinkadutsa foni ili kukhutu, ndikulankhula ndi munthu amene kunalibe. Amayiwo ankandipatsabe moni, "Monire adada," mawu ake omwe aja, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipweteka koposa. Akanandizazira ndikanapeza pogwira.

Nthambo yokha ndi imene inalibe nazo ntchito. Tsiku lina anthu ena okumba ngalande ya mipope yamadzi m'mbali mwa msewu anaidula yoyamba ija ndi piki, pakati penipeni, kansalu kachikasu atakaona n'kukaika pambali mwaulemu. Kushedi palibe amene anadziwa. Alimi anayezetsa mbewu zawo n'kupita, mapasa anapitiriza kulankhulana kudzera m'munda muja. Madamu anandigwira chanza pamaso pa anthu, nanena kuti akulikulu amva za ine. Ndinathokoza, ndinakalowa m'chipinda cha makina, n'kukhala pansi kuyang'ana timagetsi tobiriwira mpaka nthawi yoweruka.

Mvula yoyamba itagwa, alamu aja anabwera ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Ndinaziona pawindo zikutsika, zonenepa bwino, ina yakuda ina yamawanga. Zitafika pamphepete pa munda zinaimitsidwa, ndipo posakhalitsa alonda anabwera kudzandiuza kuti ndikufunidwa kuseri.

Ndinapeza alamuwo ataima pafupi ndi chivundikiro cha simenti, akuchigogoda ndi ndodo. Amayi aja anali chapatali pang'ono, ataima m'malire, opanda khasu. Anabwera kudzaona munda wawo ukulimidwa ndi wina.

"Afundi," anatero alamuwo, "chinthu chanuchi chili na moto? Ng'ombe zanga zisafere pano."

Yankho ndinkalidziwa kuposa dzina langa. Mulibe magetsi mmenemo. Ndi galasi ndi kuwala, ng'ombe itati iikumbe n'kuitafuna ingangolavula. Ndiponso ili pansi mpaka m'chiuno, pulawo singafikeko ngakhale mutamangirira ng'ombe zonse za ku Chitipa. Zimenezi ndinali nditaziphunzira, ndinali ndi pepala lake, ndipo pantchito yanga ndinkadziwika kuti sindikometsera zinthu.

"Ng'ombezi ndi zanu, bambo?" ndinafunsa.

"Zanga."

"Zokongola," ndinatero. "Ine zikanakhala zanga sindikanaziyandikitsa."

Anabwerera m'mbuyo pang'ono kuchoka pachivundikiro paja. "Ndiye zilekezere pati?"

Apa ndiye panali povuta, chifukwa bodza limafuna muyeso, ndipo ine tepi ndinali nditaisiya muofesi. Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana kumwamba ngati ndikuwerengera. Kenako ndinayang'ana amayi aja. Iwo sankandiyang'ana ine. Nkhope inali phee, ngati munthu amene ali m'tchalitchi, koma maso anali atalunjika pachulu chija, chapakati pa munda.

"Mpaka pachulu paja," ndinatero.

Alamuwo anatembenuka kuyang'ana chulu, anayang'ana chivundikiro, n'kuyang'ananso chulu. Pakati pakepo panali malo oti munthu n'kumangapo nyumba ndi khitchini yomwe, n'kutsalanso bwalo. Kenako anandiyang'ana ine, nthawi yaitali. Uyu anali munthu woyenda, waona nthambo zotere zikukumbiridwa m'misewu ya kutsidya kwa malire anthu akugulitsa chipisi pamwamba pake.

"Mphamvu yake imafika mpaka pachulu?"

"Nthawi ya mvula imafika."

"Nanga khasu?"

"Khasu lilibe vuto, bambo. Bola likhale m'manja mwa munthu amene anaona mmene nthambo inagonera. Amene analipo tikukumba."

"Amene analipo mukukumba," anabwereza. Pakamwa pawo panagwedera pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kuseka. "Sawa, afundi. Inu ndiye mwaphunzira." Anakweza mawu osatembenuka, m'chilankhulo chawo, ndipo ngakhale ine ndinamva tanthauzo lake. Ankawauza amayi aja kuti kumtunda kuno asakusiye kumere tchire, n'zochititsa manyazi pafupi ndi ofesi ya anthu. Kenako anakusa ng'ombe zawo kutsikira kumunsi kwa chulu, n'kuyamba kulima dothi lakuda lija.

Amayiwo sanandithokoze, ndipo anachita bwino. Anapita kunyumba n'kubwerako ndi khasu.

Mpaka lero sindidziwa ngati bambo uja ndinamupusitsa kapena anangolandira khomo limene ndinamutsegulira kuti atulukirepo mawu ake a pamsonkhano ali chiimire. Sitinakambiranepo. Tikakumana kuboma ankandifunsa kuti, "Afundi, moto uja ulipo?" ine n'kuyankha kuti ulipo, aliyense n'kupitiriza ulendo wake. Madamu atamva anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako analamula kuti paikidwe zikhomo zopaka utoto wofiira kuyambira pachulu mpaka m'malire. Anati ndi zachitetezo.

Koma ndisadzitame. Gawo limene linatsala kwa amayiwo linali laling'ono, ndiponso linali la mchenga. Dothi lakuda, la chinyezi, limene linkadzaza nkhokwe, linapita. Anabzala chimanga ndi nyemba mpaka pachivundikiro penipeni pa simenti, anathira fetereza uja, anapalira kawiri, ndipo mbewu zinayesetsa. Kumunsi kwa chulu chimanga cha alamu chinkabisa munthu wamtali. Kumtunda chinkandifika pachifuwa, ine wamfupi.

Atakolola anabwera kuofesi. Sanaime pageti monga mwa masiku onse, analowa mpaka pakhomo pa chipinda cha makina, atanyamula kabeseni ka nyemba pamutu. Anakatula pansi n'kusuzumira m'kati, mmene mapasa a kuofesi ankalira ndi mafani awo.

"Ndiye ni ichi?" anafunsa.

"Ndi chimenechi, amama."

"Chikugwira makora?"

"Chikugwira bwino kwambiri."

Anagwedeza mutu. Ndinawapatsa mpando koma anakana. Ndinafunsa za ana, anati ali bwino, wamkulu wayamba sekondale ndipo amadya ngati anthu awiri. Ndinafunsa za zokolola, anati akamaphatikiza ndi chimanga cha alamu zifika mwezi wa Okutobala ngati Mulungu alola, kuchokera pamenepo ndi kunkhokwe ya alamu kokha. Ananena mopanda kudandaula, ngati akunena za mtengo wa tomato. Kenako anatsitsa mawu, nayang'ana kukhonde ngati kukubwera munthu.

"Adada, ndimati ndifunse. Chingwe chija chinatsalako?"

"Chotani, amama?"

"Chomwe chija. Ngati chilipo, kumunsi kula kufupi na mtsinje kuli njira yiwemi chomene. Dothi n'lofewa, mulibe miyala. Ine na ana tingakumbe tokha, simungalembe na munthu yayi."

Sankaseka. Ndinawayang'anitsitsa kuti mwina ndione kamwetulidwe kaja ka tsiku la tepi, koma panalibe. Anali ataganiza bwinobwino, mwina miyezi yonse ya dzinja, ndipo anali atasankha kale podzera.

Ndikanatha kunena kuti ndifunsa akulikulu. Ndikanatha kunena kuti tiona chaka chamawa, monga timanenera tonse a m'maofesi. Koma munthu ameneyu ndinali nditamuuzapo kale mawu okoma kamodzi, ndipo tonse tinaona kumene anamufikitsa. Ndinapita nawo kuseri kwa shedi n'kuwaonetsa chigudumu cha matabwa chija. Chinali chitagonekedwa chammbali, alonda akuchigwiritsa ntchito ngati tebulo lodyerapo.

"Inatha, amama. Ndipo yachitatu sangatipatse."

Anachiyang'ana kanthawi, anachigwira ndi dzanja ngati akufuna kutsimikiza kuti n'chopandadi kanthu.

"Yewo," anatero. "Nyembazo mukhuthule, beseni ndikulifuna. Madzulo ndikatapire nalo chimanga kwa alamu."